Kodi Mkristu Angatsate Anyani ndi Buku m'Manja?



Pali funso limene layamba kumveka pakati pa ana athu, makamaka iwo amene anatsiriza sukulu nakhala pamudzi osapeza ntchito. Amva kuti alipo anthu ophunzira, Azungu ndi anthu akuda omwe, amene ntchito yao ndiyo kutsata anyani ndi apusi m'thengo, kupenya makhalidwe ao ndi kuwalemba m'buku. Amvanso kuti anthu otere afuna athandizi, ena olipidwa, ena ongodzipereka. Tsono anyamata ndi asungwana afunsa kuti, Kodi Mkristu angalowe ntchito yotere? Akulu ambiri ayankha msanga, nati, Iai, imeneyo ndi ntchito ya anthu okhuta. Mwana wa mlimi sangakhale bwenzi la mbala ya m'munda mwa atate wache. Mau amenewa sali opepuka, ndipo amene awanena si opusa. Koma funsoli liyenera kusinkhidwa modekha, pakuti likhudza chakudya cha ana athu, likhudza mapiri athu, ndiponso likhudza choonadi.

1. Mlandu wathu ndi nyani

Tiyambe ndi kubvomera chimene tonse tichidziwa. Nyani, amene ena amtchula nkhwere, ndi mnzache pusi, atisautsa kuyambira kale lomwe. Iwo amene alima m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje, ndi pansi pa timapiri ta miyala tiri m'chigwa chino cha Phalombe, safuna wina wowauza. Nyani adza m'miyezi ya February ndi March, pamene chimanga chiri chachiwisi ndi nkhokwe zatha. Athyola chimanga, naluma pang'ono, nataya, nathyolanso china. Afukula chinangwa, mbatata ndi mtedza, apulula nandolo, akapeza mpata agwira nkhuku ndi ana a mbuzi. Ana aleka sukulu kuti akhale m'chirindo kuyambira mbandakucha kufikira madzulo, kupfuula ndi kuponya miyala. Mkazi wamasiye wa kamunda kamodzi, wopanda mwana womlindira, akhoza kutaya m'mawa umodzi chimene anachibvutikira miyezi inai. Munthu woseka dandaulo lotere sanagonepo ndi njala.

Chomwecho mlandu ulipo ndithu. Koma taganizani mmene makolo athu anaweruzira mirandu pabwalo. Mfumu yanzeru sinadule mlandu itangomva wodandaula yekha. Inaitana mboni, nifunsa kuti, Ndani anaona? Anaona liti? Zisanachitike izi panali chiani? Ndipo mboni imene inaona ndi maso inaposa anthu khumi ongomva.

Ife tamweruza nyani potengera ora limodzi la tsiku lache, ndilo ora limene ali m'munda mwathu. Kumene agona, chimene adya m'chirimwe, mmene alerera ana ache, chifukwa chache chaka china adza kawirikawiri ndi chaka china sadza, ndani mwa iwo atsogolera ulendo wa kumunda, zonsezi sitizidziwa bwino. Ndipo pali funso lina limene mboni yoona ikanalidzutsa, ndilo lakuti, Analowa m'munda wa mnzache ndani? Powerenga anthu m'chaka cha 1966, dziko la Malawi linali ndi anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. M'chaka cha 2018 anapezeka 17.5 miliyoni. Anthu onsewa afuna minda, nkhuni ndi makala. Phiri la Mulanje linapatulidwa ndi Boma kukhala nkhalango yosungidwa m'chaka cha 1927, koma nkhwangwa sinaleke kulira m'menemo, ndi ku Michesi komwe. Misuku, mikuyu ndi mitowo, imene inali nkhokwe ya nyani, yagwa yambiri. Ndipo nyalugwe, amene nyani amuopa, wachepa. Tikatsegula munda pamene panali msuku, sitiyenera kuzizwa kuti mwini msuku abwera kudzafunsa.

Apa ndipo paoneka malo a mthandizi uja. Iye ndiye mboni ya tsiku lonse. Chifukwa chache tisafunse ngati akonda nyani kapena adana naye. Tifunse ngati umboni wache uli woona, ndi ngati uthandiza mlandu kutha bwino.

2. Ntchitoyo njotani?

Ena ayesa kuti ndi kungoyenda m'thengo ndi kuseka masewera a apusi. Si tero. Mthandizi adzuka kusanache, kuti akafike pa mitengo kapena pa thanthwe pamene gulu linagona, lisanatsike. Ayenda nalo tsiku lonse, padzuwa ndi pamvula, m'minga ndi m'chitedze, kufikira likwerenso kukagona. Poyamba nyama zimthawa, ndipo ipita miyezi yambiri zisanamzolowere. Saloledwa kuzipatsa chakudya, kapena kuzigwira, kapena kuziyandikira kopitirira. Ayenera kudziwa nyani ali yense payekha, ndi nkhope yache, ndi kupindika kwa mchira wache, ndi zipsera zache, monga mbusa adziwa ng'ombe zache. Ndipo gulu limodzi likhoza kukhala la anyani 50 kapena kuposa. Zida zache ndizo buku kapena kakompyuta ka m'manja, pensulo, wotchi, ndi mandala oonera patali. Atola ndi ndowe zomwe, naziika m'timabotolo, pakuti ophunzira akhoza kuwerenga m'menemo ngati nyama iri ndi njoka za m'mimba, ngati iri ndi bere, ndi kuti atate wache ndani.

Pali lamulo limodzi la ntchitoyi limene Mkristu ali yense ayenera kulimva. Kale openya nyama analemba chiri chonse chimene chinakopa maso ao. Ndipo chimene chikopa maso ndicho ndeu ya amphongo akulu. Potero mabuku anadzala ndi ndeu, ngati kuti nyani alibe ntchito yina. M'chaka cha 1974 mai wina wophunzira wa ku America, dzina lache Jeanne Altmann, amene ndi mwamuna wache anakhazikitsa ntchito ya zaka zambiri ya kupenya anyani ku Amboseli m'dziko la Kenya mu 1971, anaonetsa kuti kupenya kotere kusokeretsa. Anaphunzitsa njira yakuti munthu asankhe nyama imodzi, naitsate mphindi zowerengeka pa wotchi, nalembe zonse ichita, zazikulu ndi zazing'ono. Itakwana nthawi asankhe yina, kufikira zonse zapenyedwa mofanana. Pamenepo panaoneka kuti tsiku la nyani lithera m'kufuna chakudya, m'kuyenda, m'kupumula, m'kuyamwitsa ndi m'kutolana nsabwe, ndi kuti ndeu itenga kanthawi kochepa. Kodi ife sitiweruza anansi athu monga openya akale aja, kukumbukira tsiku limodzi la mkangano ndi kuiwala zaka za mtendere? Akulu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ntchito yotere siiri kutali ndi ife. Ku Lilongwe kuli malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre, kumene alandira apusi ndi anyani amasiye ndi olandidwa kwa anthu owagulitsa kapena owamanga pa chingwe, pakuti lamulo la dziko liletsa kusunga nyama za m'thengo popanda chilolezo. Kumeneko awaphatikiza m'magulu, ndipo magulu ena anawamasula m'nkhalango ya Kasungu, anthu nawatsata miyezi yambiri kuti aone ngati adziwa kudzifunira chakudya ndi kuthawa zirombo. Ku Zambia, m'nkhalango ya Kasanka, anayamba kupenya anyani a kumeneko mu 2010. Kuli konse kumeneko afunika anthu a maso akuthwa ndi miyendo yolimba.

3. Zimene mboni zaona

Zoti nyani ndi wochenjera alenje athu anazidziwa kale. Koma kulemba tsiku ndi tsiku, zaka makumi, kwaonetsa zina zimene diso la tsiku limodzi silingaone.

Ku Amboseli anapeza kuti nyani wamkazi akhala m'gulu la mai wache moyo wache wonse, koma wamphongo akakula achoka nakalowa gulu lina; monga ngati chikamwini chathu kuno. Mwana wamkazi alandira ulemu wa mai wache, wapamwamba kapena wapansi. Ndipo mu 2003 anaonetsa kuti anyani akazi amene akhala pafupi ndi anzao ndi kutolana nsabwe kawirikawiri, ana ao apulumuka ambiri koposa ana a iwo okhala paokha.

Komweko, mu 1980, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anaonetsa kuti pusi ali ndi kulira kwina kwa nyalugwe, kwina kwa chiombankhanga, ndi kwina kwa njoka. Anajambula mau a apusi m'makina, nabisa makinawo m'tchire, nawaliza popanda chirombo chiri chonse pafupi. Pakumva mau a nyalugwe apusi anakwera m'mitengo; pakumva a chiombankhanga anapenya kumwamba nathawira m'zitsamba; pakumva a njoka anaimirira ndi miyendo iwiri napenya pansi.

Koma chimene chitikhudza koposa ndi ichi. Pafupi ndi Gilgil, m'dziko lomwelo la Kenya, mai wina dzina lache Shirley Strum anatsata gulu la anyani kuyambira 1972. Patapita zaka, dziko limene anyaniwo anadyamo linagawidwa kwa alimi a minda yaing'ono, ndipo mlandu wonga wathu unabuka. Popeza anawadziwa anyani onse ndi maina, anatha kuona kuti si onse analowa m'minda. Amphongo achinyamata ndiwo anayamba, ena nawatsata, ena nakhalabe pa zakudya za m'thengo, kufikira gulu linagawikana. Anaonanso chifukwa chache: chimanga cha kanthawi kochepa chikhutitsa monga mizu ndi udzu za maora ambiri, kotero kuti olowa m'minda anakula msanga napuma nthawi yaitali. Nyani ayesa phindu ndi ngozi monga munthu wa malonda. Munda wolindidwa mwakhama auleka, napita kumene kuli kosabvuta. Mlandu utakula, mu 1984, anasamutsa magulu 3 kunka nao ku Laikipia, kutali ndi minda, m'malo mwakuti aphedwe.

Taonani tsono, umboni wotere suli wotsutsana ndi mlimi. Mudzi wodziwa kuti gulu ligona pati, litsika ndi njira iti, lidza ora lanji ndi mwezi uti, ndi kuti atsogoleri ache ndani, ukhoza kulinda mwanzeru. Ukhoza kupangana kuti akulu alinde mosinthana pa njira imodziyo, ana napite kusukulu. Ukhoza kusankha chobzala m'malire mwa phiri. Ukhozanso kuzindikira kuti nyani akadya zipatso amwaza njere zache m'ndowe kutali ndi mtengo, ndipo mwa njira iyi athandiza kubzala phiri. Ife a ku Phalombe, amene tinaika maliro mazana pamene madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi mu March 1991, ndi kuliranso pa namondwe Freddy mu March 2023, tidziwa kuti za paphiri sizikhala paphiri pokha. Mvula yoopsa palibe angailetse, koma phiri lobvala mitengo ligwira nthaka yache koposa phiri lamaliseche.

4. Malembo atani?

Mau a Mulungu sanyoza munthu wopenya zolengedwa. Mu Genesis 2 tiwerenga kuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Ndipo Mulungu anadza nazo nyama kwa Adamu kuti azitche maina. Munthu sangatche dzina loyenera chinthu chimene sanachipenyetsetse. Pa 1 Mafumu 4, pofotokoza nzeru ya Solomo, mlembi awerengera pamodzi miyambi yache ndi kudziwa kwache mitengo, nyama, mbalame, zokwawa ndi nsomba. Pa Miyambo 30 tiphunzitsidwa ndi nyerere, mbira, dzombe ndi buluzi, tizinthu timene tiri pakhomo pathu pano. Ndipo pamene Yobu anali m'chisoni chachikulu, Mulungu anamyankha pomfunsa za nyama za m'chipululu, za nthawi ya kubala kwao ndi za chakudya chao, kuti adziwe kuti dziko liri ndi Mwini amene asamala ngakhale zimene munthu alibe nazo phindu.

Tisapitirire malire, komabe. Nyama si mphunzitsi wa chilungamo. Openya aona anyani amphongo akupha makanda; ndipo ku Gombe, m'mbali mwa Nyanja ya Tanganyika, anaona anyani akulu opanda mchira otchedwa chimpanzi, amene kuno kulibe, akuthira nkhondo anzao a gulu lina kuyambira 1974, kufikira gulu lija linatha. Munthu asanene kuti, Popeza nyama zitero, inenso nditero. Ndiponso nyani alibe tchimo. Timtcha mbala, koma iye sanalandire lamulo; aona chakudya, nadya. Chifukwa chache kulinda munda ndi kuingitsa nyani nkoyenera, ndipo ndi udindo wa mwini banja. Koma kumzunza, kumtentha, kuthira mankhwala akupha amene aphanso agalu, mbalame ndi ana a anthu, kapena kupha mai kuti ukagulitse mwana wache pamseu, zimenezo zichokera ku mkwiyo ndi umbombo wa munthu, ndipo mlandu wache uli pa munthu.

5. Zokaikitsa zitatu

Choyamba ndi cholemera koposa. Akulu ati, Mukawazoloweza anyani kuona munthu pafupi osathawa, kodi sadzalowa m'minda mwathu mopanda mantha? Ichi nchoona, ndipo ophunzira eni ache achibvomera. Nyama yotaya mantha isautsa mlimi koposa, ndipo iyo yomwe iphedwa mosabvuta. Ku Gombe, m'zaka zoyamba, anapatsa achimpanzi nthochi kuti awaone pafupi. Zotsatira zache zinali ndeu zambiri pa malo odyerawo, ndipo pambuyo pache analeka. Mu 1966 matenda a poliyo anagwa pa achimpanzi a kumeneko, napha ena ndi kupundula ena, ndipo akhulupirira kuti anachokera kwa anthu a m'midzi yoyandikana. Tsono ntchito iyi ikhoza kupweteka mlimi ndi nyama yomwe, ikachitidwa mosasamala. Chifukwa chache gulu lokhala m'malire mwa minda lisazolowezedwe popanda upo wa mafumu ndi eni minda. Ndipo apa mpamene mwana wa pamudzi aposa mlendo: iye adziwa munda wa yani uli pati, ndipo ayenera kulankhula poyera, angakhale mau ache sakondweretsa womlemba ntchito.

Chachiwiri ndicho cha kudzipereka. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America adza kudzathandiza osalandira kanthu, ndipo ambiri alipira okha ulendo ndi chakudya. Achita bwino, koma iwo apereka zotsala pa kukhuta kwao, ndipo pobwerera kwao ntchitoyo iwatsegulira makomo a masukulu akulu. Mwana wa ku Chiwalo akachoka miyezi isanu ndi umodzi, khasu lache ligona, ndipo amai ache alima okha. Kudzipereka ndi chinthu chokoma pamaso pa Mulungu pamene munthu apereka chache mwaufulu. Koma sangapereke thukuta la amai ache ndi nsima ya abale ache ang'ono, pakuti zimenezo si zache. Mtumwi Paulo, polembera Timoteo, adzudzula kolimba munthu wosasamala a pabanja pache; ndipo Deuteronomo 24, Luka 10 ndi Yakobo 5 agwirizana kuti wantchito alandire mphotho yache, makamaka wosauka. Chomwecho wofuna kudzipereka ayambe wakhala pansi ndi makolo ache ndi ankhoswe a banja. Asankhe nyengo imene ntchito ya kumunda yachepa. Apangane poyera, pamaso pa mboni, za masiku, chakudya, nsapato, mankhwala akadwala malungo kapena akalumidwa ndi njoka, ndi kalata ya umboni potsiriza. Kuphunzira miyezi yowerengeka popanda malipiro kukhoza kukhala ngati sukulu. Koma kugwira chaka ndi chaka ntchito imene ena alipidwa nayo, uku ukungopatsidwa malonjezo, si kudzipereka iai, ndi kudyeredwa. Ndipo iye wothamangira ntchitoyi chifukwa cha kukhumbira nsapato zazitali ndi kukwera galimoto la alendo, akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chachitatu ndi mantha a ena akuti, Anthu amenewa aphunzitsa kuti munthu anachokera kwa nyani, ndipo adzasokeretsa ana athu. Timve bwino chimene anena. Kuyambira masiku a Charles Darwin, amene analemba za izi mu 1859 ndi 1871, ophunzira sanena kuti nyani wa ku Michesi ndiye gogo wathu. Anena kuti matupi a anthu ndi a nyama izi achokera ku tsinde limodzi la kale lomwe, ndipo aonetsa zifukwa zao m'mafupa ndi m'mwazi. Akristu ambiri ophunzira alandira ichi osataya chikhulupiriro, nati Malembo atiuza za Iye amene analenga ndi cholinga chache, osati za njira zonse anazitsata; Akristu ena sabvomera. Koma chikhulupiriro chimene chiopa kupenya cholengedwa cha Mulungu nchofoka. Inde, Jane Goodall, amene anafika ku Gombe mu July 1960 namwalira mu 2025, anaona chimpanzi akusadza kamtengo ndi kukapisa m'chulu kuti avuule chiswe, ndipo dziko lonse linazizwa. Koma tafunsani kuti, Pa awiriwo anagwira pensulo ndani? Ndani adzuka usiku kuti akalembe zoona za mnzache, nadzimva wochimwa akalemba bodza? Kufanana kwa manja ndi nkhope kutiphunzitse kudzichepetsa, pakuti tonse tiri a dothi. Koma mlandu wa choonadi waikidwa pa munthu yekha.

6. Yeso la mboni

Ndipo apa ndi pamene pali yeso lalikulu la ntchitoyi, loposa dzuwa ndi minga. Mthandizi ali yekha m'thengo. Palibe kapitao womuona. Gulu likamtayika m'mawa, akhoza kukhala pamthunzi, nadzaza tsamba ndi zopeka, ndipo palibe adzadziwa. Akhozanso kuzindikira chimene mwini ntchito ayembekeza kupeza, nalemba chomwecho kuti amkondweretse. Kapena, pokhala mwana wa mlimi, akhoza kuonjeza zoipa za nyani. Kapena, atayamba kuwakonda anyani ache, akhoza kubisa kuti analowa m'munda wa uje. Zonsezi ndi umboni wonama, ndipo lamulo la Mulungu loletsa umboni wonama silithera pa bwalo la mirandu. Bodza limodzi lolembedwa m'buku lotere liphatikizidwa ndi mazana a masamba oona, liwoloka nyanja, lisindikizidwa, ndipo ena adzamangapo nzeru zao zaka zambiri. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mau olemekezeka koposa amene mthandizi angalembe ndi awa akuti, Lero sindinaone.

Kuti anthu a m'midzi akhoza kusenza udindo umenewu, mbiri ya ku Gombe ichitira umboni. Mu May 1975 anthu a mfuti anaoloka nyanja usiku kuchokera ku Zaire, dziko limene lero litchedwa Congo, nagwira ophunzira achilendo 4. Onse anamasulidwa pambuyo pache, koma alendo ena anachotsedwa pamalopo, ndipo ambiri anayesa kuti ntchito yatha. Sinathe. Amuna a m'midzi ya pafupi, monga Hilali Matama ndi anzache, amene poyamba anali operekeza chabe, anatenga mabuku, natsata achimpanzi tsiku ndi tsiku, nalemba m'Chiswahili. Ndipo mbiri ya nyamazo sinaduke. Ku Amboseli nakonso, Akenya monga Raphael Mututua anatsata anyani zaka makumi, nadziwa mibadwo yao, ana ndi adzukulu. Ambiri a athandizi otere sanafike ku masukulu akulu. Chimene anali nacho ndicho maso, chipiriro ndi kukhulupirika. Chifukwa chache nkoyenera kuti maina a athandizi alembedwe pamodzi ndi a ophunzira, ndi kuti zopezedwa zibwerere kwa eni dziko m'chinenero chao. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, inde. Koma mutu wometedwa ngwa mwini mudzi.

7. Yankho

Tsono kodi Mkristu angatsate anyani ndi buku m'manja? Angathe, ndipo ikhoza kukhala ntchito yolemekeza Mlengi, akasunga zinthu zitatu. Alembe chimene anaona, osaonjeza, osachotsa. Asasiye banja lache m'njala chifukwa cha ntchito yopanda pangano. Ndipo chimene waphunzira abwere nacho pabwalo la mfumu, kuti mai wamasiye uja apindule nacho. Akasowa chimodzi mwa izi, akulu aja anena zoona, ndipo kuli bwino agwire khasu.

Kwa makolo nditi, Musamseke mwana wofuna kudziwa. Anyani sasekana zikundu. Ife amene tadula mitengo ya paphiri tisafulumire kutcha ena owononga. Kwa aphunzitsi a m'midzi nditi, Simufunika kudikira mlendo. Buku la masamba ochepa ndi pensulo zikwanira kuti olinda minda alembe tsiku, ora, njira, ndi chiwerengero cha anyani amene anadza. Zikatha nyengo ziwiri mudzi udzakhala ndi umboni umene sunakhale nao ndi kale lonse, ndipo mfumu idzakhala ndi poyambira. Kwa anyamata ndi asungwana nditi, Yesani mtima wanu pa zazing'ono. Iye amene anama za mbuzi imene anaitaya kubusa sadzanena zoona za nyani amene anamtaya m'thengo.

Mulungu amene adyetsa mbalame za m'mlengalenga, nasamala mkazi wamasiye ndi ana ache, atipatse nzeru ya kulima dziko ili ndi kulisunga, ndi lilime lonena zoona ngakhale pamene palibe wotiona koma Iye yekha.

Ndine wanu mwa Kristu,
Mkatekisi, Chiwalo.